Ndinazula Mpesa Wanu, Amayi

Amayi, ndati ndikupatseni moni. Kodi muli bwanji kumene munapitako?

Ndine Masauso, mwana wanu wamwamuna, uja munkamunena kuti munamutumiza kusukulu kukaphunzira kulemba koma kalata yake siifika. Zaka zisanu ndi chimodzi zadutsa chikuikireni m'manda, ndipo iyi ndiyo kalata yanga yoyamba. Lero ndi Lamlungu, anthu abalalika kukacheza, ine ndakhala pansi pa mtengo wa masau uja kuseri kwa nkhokwe. Ndiyamba ndi nkhani zopepuka, poti pali ina yolemera imene dzanja langa likuizemba.

Kuno ku Shikabeta tilipo ndithu. Mpongozi wanu Esinati anachira mu Seputembala, mwana wamkazi, ana akwana atatu tsopano. Mphumi yake ndi yanu yeniyeni, ndipo akakwiya amaikwinya monga munkachitira inu. Woyamba uja Tisa, amene munamusiya akuimirira pogwira mpando, anayamba sukulu, ndipo akaweruka amasonkhanitsa nkhuku n'kumaziphunzitsa a, e, i, o, u. Wapakati, Yakobo, simunamuone. Ndi wosusuka ngati ine. Esinati anafuna kuti khandali tilitche dzina lanu. Ine ndinakana, n'kumupatsa zifukwa zambirimbiri zopanda mutu. Chifukwa chenicheni n'chakuti sindikanatha kumaitana "Yosefina, Yosefina" tsiku ndi tsiku pabwalo pomwe ndinakulakwirani. Tinamutcha Lusiya.

Chimanga chaka chino chacha mwa apo ndi apo. Mvula inadula chitangomasula ngaiyaye, koma anankafumbwe akatichitira chifundo tidya mpaka Disembala. Nsawa ndizo zabala bwino. Mbuzi yanu yamawangamawanga inafa ndi ukalamba chaka chatha, itatisiyira zidzukulu zambiri, zonse zakuba ngati iyo. Khitchini tinafolera lina denga. Mtanda uja munkati udzagwera munthu unagwadi, koma unagwera mtondo.

Zopepuka zathera pamenepa, Amayi. Yatsala ya mpesa.

Zina mwa zimene ndilembe mukuzidziwa kuposa ine. Ndizilembabe, kuti muone kuti sindinalakwe chifukwa chosadziwa. Munkatiuza kuti agogo, atate anu, ankalima dimba la ku mishoni kwathu ku Petauke, ndipo mpesawo anapatsidwa ndi bulaza wina wokalamba wa mpingo amene anachoka nawo kutsidya la nyanja. Dzina lake lenileni linatayika panjira. Inu munautcha Kamakani, poti unkakana kufa. Posamukira kuno ndi atate, munakulunga nthambi zake m'chiguduli chonyowa, n'kuzisenza pamutu pamodzi ndi miphika. Mmene ine ndinkazindikira, kumtunda kwa nyumba kunali mizere inayi, pa nthaka yamiyala imene chimanga chinkaikana.

Simunkauthirira ngakhale kamodzi. Mu Okutobala, udzu wonse utapsa, mbuzi zikudya makungwa, mpesa wanu umakhala uli biriwiri. Odutsa akadabwa, inu munkati, "Mpesa ukaumwetsa pakamwa, mizu imachita ulesi. Usiye ukadzifunire wokha madzi pansi." Mphesa zake zinali zazing'ono ngati nthudza, zakuda bii, za khungu lolimba, zotsekemera mpaka kukhosi kuuma. Vinyo wake munkatsegula pa Pasaka, ndipo kuno kunalibe ukwati umene mkwati ndi mkwatibwi sanalawe kapu imodzi ya vinyo wanu.

Ine mpesawo ndinkaudziwira pakamwa chabe. Amene ankagwira nanu ntchito yake ndi alongo anga aMisozi, achisamba anu. Ine ndinali kusukulu, kenako ku Lusaka.

Chaka chimene munadwala, fakitale imene ndinkagwirako ntchito inatichotsa ambiri. Ndinabwerera kumudzi ndi Esinati ndi khanda, katundu pang'ono, manyazi ambiri. Ndinapeza mutagonekedwa kale kuchipatala ku Mpanshya, aMisozi akukudwazikani. Pakhomo panalibe wondiuza zochita, ndipo ndinkafunitsitsa kuti anthu aone kuti wochoka kutauni wabwera ndi nzeru. Ku Lusaka ndinali nditaona mphesa zikuluzikulu zobiriwira zimene anthu olemera ankazilimbirana. Ndinati ndidzale zimenezo, ndizikagulitsa kumsewu waukulu ku Rufunsa, pamene amaima mabasi a ku Chipata. Mnzanga wina wa pafamu anandipatsa mbande. Malo otchingidwa kale ndi mpanda, okhala ndi mitengo yoyangapo, anali amodzi okha: pa mizere yanu.

Ndinazula, Amayi. Zinanditengera masiku asanu ndi anayi. Ndinkakumba mpaka dzenje kundilekeza m'chiuno, muzu ukupitabe pansi, mpaka ndinkangoudula ndi nkhwangwa poti polekezera pake sindinkapapeza. Tsiku loyamba Esinati anandiletsa. Anati, "A tate ake Tisa, dikirani amayi atuluke, muwafunse." Ndinamuyankha kuti zakumunda azisiyire amuna. Ba Lufeyo, mnansi wathu wa mtundu wa Chisoli wofula uchi uja, anaima pampanda nthawi yaitali akundiyang'ana. Pochoka anangoti, "Mwana, chamene uchita ichi uzachifuna." Zitsa zonse ndinaziunjika n'kuzitentha, kuopa kuti zingaphukenso.

Lamlungu lotsatira ndinapalasa njinga kudzakuonani. Munali mutatha thupi, koma maso anali anu omwe aja. Munandigwira dzanja, n'kumva matuza m'chikhatho, ndipo nkhope yanu inawala.

"Manja a kutauni ayamba kukhala manja," munatero. "Wadulira mpesa?"

"Ndadulira, Amayi."

"Wasiya maso awiriawiri pa nthambi?"

"Awiriawiri."

"Waphuka?"

"Wayamba kuphuka bwino."

Munatsinzina n'kumwetulira. Munati, "Chaka chino ubala. Usauthirire, mwananga, ngakhale uone ngati ukulira." AMisozi anali pomwepo akukupukutani kumaso ndi kansalu. Anandiyang'ana mokondwa nati, "Zikomo, Masauso."

Ndinabweranso kanayi, ndipo ulendo uliwonse ndinkaonjezerapo. Ulendo wachiwiri ndinati masamba atambasuka. Wachitatu ndinati wachita maluwa. Womaliza ndinati timphesa tafika ngati mapira, inu n'kundiuza kuti ndiyambe kuchenjera ndi mbalame. Ndinkadzinamiza kuti mukachira ndidzakuonetsani mphesa zazikulu zija, mudzakalipa pang'ono kenako mudzaseka. Simunachire. Munatisiya mu Novembala.

Tsiku lobwera ndi thupi lanu, galimoto inalekeza panjira yakumtunda, ndipo bokosi tinalinyamula kudutsa m'mbali mwa munda. AMisozi anali patsogolo akulira mokweza. Atafika pa mizere, kulira kunaduka ngati wina wawatseka pakamwa. Anaona timbande tanga tofookafooka, anaona mulu wa phulusa. Anadikira mpaka mwambo wonse unatha. Tsiku lobalalika anthu, aMisozi anandipeza kuseri kwa nyumba, chikwama chili kale m'manja. Anati, "A tate ake Tisa, munanamiza munthu ali kufa. Ine n'kukuthokozani." Chibadwire anali asanandiitanepo choncho. Anabwerera kwa amuna awo kufupi ndi Mpanshya, ndipo zaka zitatu ndi theka sanapondenso pakhomo pano.

Mvula ya chaka chimenecho inu simunaione, ifenso sitinaione. Chinali chilala chija cha 1992, chimene tinadya chimanga chachikasu chachithandizo. Mbande zanga zinkafuna madzi m'mawa ndi madzulo. Ndinkatunga kumtsinje, zidebe ziwiriziwiri panjinga. Mtsinje utaphwa tinayamba kufukula mumchenga, anthu pamzere, aliyense ndi chikho. Tsiku lina Esinati anaika chidebe chimodzi pakati pathu n'kufunsa, "Awa ni a mwana kapena ni a mphesa zanu?" Pofika Ogasiti m'munda munatsala timitengo touma tokhatokha. Akuluakulu akamadutsa ankauzana mokweza dala, "Kamakani akanakhalapo, apa pakanabiriwira."

Ndinayamba kuyenda kwa anthu amene munawagawirapo nthambi. Kwina unadyedwa ndi mbuzi, kwina eniake anasamuka n'kutentha pamalo. Ndinalembera amalume ku Petauke, iwo n'kuyankha kuti pa dimba lija anamangapo nyumba kalekale. Apo m'pamene ndinazindikira kukula kwa chimene ndinachita. Ndinkaona ngati ndazula mizere inayi, koma ndinali nditatha mtundu wonse.

Panapita zaka ziwiri. Pamalo paja sindinadzalepo kanthu, ndipo popita kumunda ndinkazungulira njira yakumunsi.

M'mawa wina mu Disembala, ba Lufeyo anafika pakhomo ndi kankhwangwa kawo paphewa. "Ba Masauso, mwauka? Valani nsapato, tiyende. Nili na chinthu chokulangizani kuseri kwa phiri, mukachione na maso." Ndinaganiza kuti ndi mng'oma wa njuchi umene akufuna wowagwirira. Tinayenda mpaka dzuwa kufika pamutu, iwo patsogolo. Tinatulukira pabwinja pamene munayamba kumanga ndi atate mutangofika kuno, ine ndisanabadwe, musanasamuke chifukwa cha kutalika kwa madzi. Panangotsala kachulu ka dothi la nyumba ndi mphero yosweka. Ba Lufeyo analoza m'mwamba.

Amayi, mpesa unali utakwera mumtengo wa muwanga mpaka kunsonga. Tsinde lake linali ngati ntchafu yanga, lakuda ndi moto mbali imodzi. Pansi panali makoko a mphesa amene anyani analavula.

"Njuchi ndiye zinanilangiza," anatero ba Lufeyo. "Amai anu anashanga uyu, anamudzala poyamba. Zaka zonse izi kulibe anauthirira, moto upita chaka na chaka. Onani."

Anakowa phava limodzi ndi ndodo n'kundipatsa. Ndinaika kamphesa kamodzi mkamwa. Ndinakhala pansi pa dothi la nyumba yanu yoyamba, n'kulira ngati mwana. Ba Lufeyo anapita kukayang'ana njuchi zawo mpaka nditatha.

Mukanakhalapo mukanandiseka ndi zimene ndinachita kenako. Tsiku lomwelo ndinadula nthambi zanthete zodzaza thumba, n'kudzazizika m'munda, n'kumazithirira m'mawa ndi madzulo, mvula ikugwanso. Zonse zinaola. Mu Febuluwale ndinapitanso kukadula zina. Zimene sizinaole chiswe chinamaliza. Pokonzekera ulendo wachitatu, Esinati anandilanda chikwanje. Anati, "Muzamaliza na uja wa kuphiri. Wamene adziwa mumudziwa. Pitani."

Ndinazengereza mpaka Juni. AMisozi ndinawapeza pamphasa akutonola chimanga. Anandilandira monga amalandirira mlendo wofunsa njira: anandipatsa mpando, madzi akumwa, n'kufunsa kuti kunyumba ali bwanji. Ine ndinatulutsa tsamba louma ndi kakhungwa ka mpesa, n'kuziika pamphasa. Anaziyang'ana nthawi yaitali. Anatola kakhungwako n'kukanunkhiza.

"Mwautenga kuti?"

Ndinawafotokozera za bwinja, za ba Lufeyo, ndi za nthambi zimene ndinaononga kawiri. Kenako ndinatsika pampando n'kugwada. Ndinati, "Asisi, ndinalakwa. Mpesa wa amayi ulipo umodzi wokha padziko, ndipo ine sindidziwa kuugwira."

Sanandiuze kuti ndidzuke. Anapitiriza kutonola, n'kuyamba kuyankhula maso ali pachitsononkho.

"Mukuganiza kuti ndinakwiyira mitengo chabe? M'chipinda mwa amayi munali anesi ena, a Daka, amene ankawatembenuza, kuwasambitsa, kuwapaka mafuta kumsana pamene ine mikono yatopa. Amayi anawalonjeza dengu la mphesa pa Khirisimasi. Tsiku ndi tsiku ankawauza kuti, 'Mwana wanga wadulira, chaka chino ubala.' Mawu omaliza amene anandiuza ine akuzindikira anali akuti, 'Ukapereke dengu lija, ndisakhale wabodza.' Ine ndinavomera. Chipatala ndi apo, mukuchiona denga. Zaka zonsezi ndimapita kumsika modzera kuseri kwa manda kuopa kukumana ndi anesi amenewo. Bodza munanena ndi inu, koma amene tinalisenza ndi ine ndi amayi."

Zimenezi sindinkazidziwa, Amayi. Ndinkaganiza kuti bodza langa munapita nalo m'manda, linathera komweko. Sindinadziwe kuti linakusandutsani inunso wolonjeza zosachitika, inu amene munkabweza ngakhale singano yobwereka tsiku lomwelo. AMisozi anakutumula chitenje chawo nati, "Ndibwera mu Julaye, masamba akayoyoka. Ndikubwerera mpesa. Inu musadziwerengere."

Anabweradi. Tinapita kubwinja awiriwiri, iwo ndi kampeni kanu kaja ka chigwiriro cha nyanga, kamene anakasunga. Nthambi zanthete sanaziyang'ane n'komwe. Ankasankha zokhwima, zonenepa ngati chala, za maso anayi. Ine nditadula imodzi mokhadzula, anandilanda mpeni n'kunena mawu anu aja, ndi liwu lanu lomwe: "Dula ngati ukumeta mwana, osati ngati ukupha nkhuku." Kunsonga kodulidwako ankakuviika m'phulusa. Kunyumba tinazizika mumchenga wakumtsinje, pamthunzi, n'kumangowaza timadzi ndi dzanja.

Maenje anandikumbitsa ine, pamalo omwe aja ndinazulapo, ofika m'chiuno, otalikirana mapazi akuluakulu atatu. Ndinadandaula kuti tikutaya malo. Iwo anati, "Mukaufinyikiza ulimbirana madzi. Uliwonse ukhale ndi pansi pakepake." M'dzenje tinathira manyowa akale ndi phulusa loingitsa chiswe, ndipo pambali tinakwirira mphika wobooka, wozama ndithu, woti chilimwe choyamba chokha tizithiramo madzi pang'ono, mizu iziwatsatira pansi. Pamwamba tinayala miyala yaphanthiphanthi ndi udzu. Tinaokera mvula itayamba. Pa nthambi makumi atatu zinagwira khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Ankabwera mwezi ndi mwezi, kugona masiku awiri, kucheza ndi Esinati ndi ana, koma ine ankangondiuza za ntchito. Chaka choyamba mipesa ina itachita maluwa, anawathothola onse ine ndikuona. Mtima unandipweteka. Anati, "Mwana sasenza mwana." Mvula itayambanso anafukula miphika ija n'kuiphwanya, nati kuyambira pamenepo mpesa usadzaonenso chidebe.

Okutobala wapitayu kunatentha moti nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa. Masana masamba a mpesa ankalendewera ngati makutu a mbuzi yodwala, timphesa tili kale m'mapava. Ndinapirira masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinatunga chidebe n'kulowa nacho kumpanda. Sindinadziwe kuti aMisozi atsika kumene panjinga ya alamu ndipo ali kumbuyo kwanga.

"Masauso iwe! Ufuna kuupha kachiwiri ndi chifundo?"

Anandilanda chidebe n'kukachikhuthulira papapaya. Kenako anandikokera pa mpesa umodzi, anasuntha mwala, nafukula ndi dzanja mpaka m'chigongono, n'kundigwiritsa dothi. Linali lozizira, lachinyontho. Anati, "Ubwere udzauone m'mawa." M'mawa masamba onse anali ataimirira. Koma ine chimene chinandikhala mumtima n'chakuti anandiitana dzina langa, ndi "iwe" wake wakale uja.

Mbalame tinaziingitsa ndi matepi a makaseti akale, amene tinawamanga pamizere kuti aziphethira ndi mphepo. Mphesa zinapsa mkati mwa Disembala, mvula yamphamvu isanayambe, ndipo tinathyola madengu anayi, mame asanaume. Dengu loyamba aMisozi analiika padera. Atatuwo tinawachotsa misinde, n'kuwafinya ndi manja m'beseni, n'kuthira m'mbiya ziwiri pamodzi ndi makoko ake. Ndinafunsa za shuga. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Kamakani wosathirira amabwera ndi shuga wake." Kawiri patsiku tinkamiza makoko ndi mthiko watsopano wosalawapo ndiwo. Nyumba yonse inanunkhira monga inkanunkhirira ndili mwana, mbiya zikulira chamumtima. Patatha sabata tinasefa ndi nsalu, n'kuthira m'mitsuko iwiri ya pakamwa pang'ono, n'kumata ndi phula la ba Lufeyo, kusiya kabango kotulutsa mpweya, n'kuikwirira mumchenga kuchipinda chozizira.

Mtsuko umodzi anati ndi wawo, wina ndi wanga woti ndiphunzirirepo. Pano ndiululenso: wanga ndinkaumatula sabata ndi sabata kuti ndilawe ngati ukuyenda bwino. Unasasa, Amayi, unasanduka viniga. Esinati akuthira m'ndiwo. Munkanena kuti ndine mwana wofukula mbewu kuti aone ngati yamera, ndipo imvi zayamba koma sindinasinthe.

Wa aMisozi tinautsegula pa Pasaka, masabata awiri apitawa. Unali wofiira moderapo, wopanda masese, wogwira lilime pang'ono. Kapu yoyamba tinapatsa ba Lufeyo. Anausunga mkamwa, anameza, kenako anati, "Ni uja." Amayi ena achikulire analira. Mtsukowo sunali waukulu, aliyense anangonyowetsa lilime, koma pofika madzulo mabanja asanu ndi awiri anali atapempha nthambi. Mu Julaye tiwagawira. AMisozi aika lamulo lakuti wotenga nthambi ayambe wakumba maenje, iwo adzawayeze ndi chiuno chawo, ndipo chilimwe chachiwiri akadzamupeza ndi chidebe asadzapemphenso. Anabweranso mlangizi wa zaulimi panjinga yamoto, anayang'ana masamba, anafukula pansi, n'kuvomera kuti mtunduwu sakuudziwa. Anafunsa dzina lake. Ndinamuuza, ndipo analemba m'buku lake momwemo, Kamakani, ndi dzina lanu pambali.

Nkhani ya dengu loyamba lija ndaisiya dala kumapeto.

Kutatsala masiku awiri kuti Khirisimasi ikwane, ndinalimanga panjinga, nditaliphimba ndi masamba a mpesa, n'kupalasa pang'onopang'ono kuopa mabampu. AMisozi anandidikira panjira yolowera kuchipatala, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Tinafunsa ngati anesi a Daka akadalipo. Anatuluka mayi wamfupi, wa imvi m'mbali mwa kachipewa, akupukuta manja. Ine ndinaima kumbuyo, koma aMisozi anandikankhira patsogolo nati, "Nena ndiwe."

Ndinaika dengu pansi n'kuvundukula. Ndisanatchule n'komwe dzina lanu, anesiwo anaika dzanja pachifuwa. "Amayi a bedi la pawindo! A mpesa wosathirira!"

Ndinawauza zonse, Amayi, pakhonde pomwepo, anthu akudutsa: nkhwangwa, moto, matuza amene munawagwira, ndi maulendo asanu amene ndinakunamizani. Anamvetsera osandidula. Nditatha anati, "Chaka chija ndinadikiradi. Ndinati mwina anawo asokonezeka ndi maliro. Koma amayi anu sindinawaganizirepo kuti anandinamiza, munthu uja sanali wotero." Anathyola kamphesa n'kudya, ndipo anaitana mnzawo kuti atengeko mapava ena akagawire odwala amene angathe kumeza. Kenako anandifunsa, "Kodi anamwalira akudziwa?"

Ndinati ayi.

"Ndiye mwauza ine, mwauza alongo anu, koma mwini wake simunamuuze. Mukawauze."

Zanditengera miyezi inayi kuti ndimvere mawu amenewo. Ndiye ndikukuuzani, Amayi, mosazungulira. Tsiku lija munandigwira dzanja, sindinadulire mpesa wanu, ndinali nditauzula ndi kuutentha. Sunaphuke, sunachite maluwa, panalibe timphesa ngati mapira. Munasangalala ndi zinthu zimene kunalibe, ndipo ine ndinakusiyani mupite choncho chifukwa ndinaopa nkhope yanu. Kuti mpesa wabwerera si nzeru zanga. Anaupeza ndi ba Lufeyo, anaudzutsa ndi aMisozi, ndipo unadzisunga wokha kubwinja kumene munaudzala inu. Mizere inayi ija sindingaibweze, ya zaka makumi atatu. Imene ilipoyi ndi ana. Sindikudziwa ngati kumeneko kumakhululukidwa zotere, ndipo sindikukukakamizani.

Mawa m'mawa ndibwera nayo kalatayi kumanda, ndidzaiwerenge mokweza. AMisozi avomera kudzaima nane, Esinati nayenso. Ndipo ndikulonjeza ichi, chimene ndingathe ndi manja angawa: chaka chilichonse udzu ukayamba kuuma, ndizipita kuseri kwa phiri ndi khasu, kukalambula mozungulira mpesa wanu woyamba moto usanafike. Ndikadzalephera kuyenda, ndidzakhala nditawaonetsa ana njira.

Mupereke moni kwa atate. Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Masauso